Mvula yakata kwanu, koma kumene mukupita ikugwabe

Alimi anzathu, tafika m'masabata aja amene munthu amadzuka m'mawa n'kupeza kumwamba kuli mbee, makoko a chimanga ayamba kuuma, ndiye mtima n'kumati dzinja lapita. Kuyambira kumapeto kwa Febuluwale mpaka mu Epulo maulendo a mlimi amachuluka. Wina akuthamangira kumsika ndi nyemba zoyamba, wina ali ndi madengu a tomato amene sangagone masiku atatu, wina akukasaka ziguduli zomangira fodya, ndipo wina amene nkhokwe yake idauma kalekale akupalasa njinga mtunda wautali kukagula chimanga choti ana adye. Koma nthawi yomweyi ndi imene misewu yathu imakhala itatheratu mphamvu. Nthaka yamwa madzi kwa miyezi itatu kapena inayi, ngalande zakwiririka, ndipo milatho ina imangooneka yabwino pamwamba chonsecho pansi madzi adaikumba kale.

Chimene tikufuna muchigwiritse ndi ichi: nyengo imene mukuiona pakhomo panu si nyengo ya msewu wonse umene mukadutse. Dziko lathu ndi lalitali ngati mpeni, kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndipo lili ndi mapiri, zigwa ndi gombe la nyanja. Mvula siyamba tsiku limodzi ndipo sikata tsiku limodzi. Nthawi zambiri imayambira kummwera cha mu Novembala n'kumakwera kumpoto, ndipo pokata imayambiranso kummwera komweko. Pamene wa ku Balaka akusanja mikukwe, wa ku Nkhata Bay ndi ku Karonga amakhala ali pakati pa mvula yamphamvu, yomwe zaka zina imafika mpaka mu Meyi.

Tiyambe ndi chigawo chakummwera, popeza ndi kumene anthu amanamizika msanga. Malichi akafika ambiri amati zatha, chikhalirecho mbiri ya mwezi umenewu ndi yowawa. Napolo amene adasesa ku Phalombe mu 1991 adabwera mu Malichi. Madzi osefukira a 2019, amene adadza ndi mphepo yomwe idasanduka namondwe wa Idai, adali a mu Malichi. Gombe mu 2022, Malichi. Freddy mu 2023, amene adagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre komanso kusiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa, adabweranso mu Malichi. Izi sizongochitika mwangozi. Pofika kumapeto kwa dzinja madzi a m'nyanja yamchere ya Indian Ocean amakhala atatentha kwambiri, ndipo kutentha kumeneko ndi kumene kumapatsa anamondwe mphamvu. Akatsikira kumtunda kudzera ku Mozambique amapeza nthaka yathu itakhuta kale madzi, moti mvula iliyonse imene yagwa imangoyenderera pamwamba kuthamangira kumitsinje.

Kwa inu a ku Mulanje, Phalombe ndi mbali zina za Thyolo ndi Chiradzulu, vuto lalikulu ndi mitsinje yochokera m'mapiri. Mtsinje ngati Likhubula kapena Phalombe ukhoza kukhala wofika m'akakolo m'mamawa, masana n'kukhala utanyamula miyala ndi mitengo, kunsi kuno dzuwa likuwala bwinobwino. Mvula yagwa pamwamba pa phiri, inu simudaione. Ndiye musanatsike ndi njinga yanu ya nthochi kapena chinanazi, yang'anani phiri, osati kumwamba kwa mudzi wanu kokha. Likakhala lafunda mitambo yakuda kuyambira usiku, ulendo wodutsa mtsinje wopanda mlatho ukhoza kudikira. Ndipo madzi akasintha mtundu mwadzidzidzi n'kuyamba kubwera ndi zinyalala komanso phokoso lachilendo, chokani m'mbali mwa mtsinje nthawi yomweyo. Musayambe mwatsitsa katundu.

M'chigwa cha Phalombe ndi madera ozungulira nyanja ya Chilwa muli dothi la makande. Aliyense amene adakankhapo njinga m'makande onyowa akudziwa kuti matayala amamata mpaka kuleka kuzungulira. Kumeneko tsiku limodzi la dzuwa silikwanira kuti msewu uume.

Chigwa cha Shire chili ndi nkhani yakeyake, ndipo tichedwapo pang'ono. Chikwawa ndi Nsanje ndi maboma amene amalandira mvula yochepa poyerekeza ndi madera ambiri, koma ndi omwe amamira kawirikawiri, chifukwa madzi amene amawamiza si awo. Amachokera ku Mulanje ndi ku Thyolo kudzera mu Ruo, ku Mwanza ndi ku Neno kudzera mumtsinje wa Mwanza ndi ina, komanso ku mapiri onse otsetserekera mu Shire. Ruo akadzaza n'kukakumana ndi Shire cha ku Chiromo, madzi amasowa kopita, amabwerera m'mbuyo n'kumwazikira m'minda ndi m'midzi. N'chifukwa chake mlimi wa ku Makhanga akhoza kuona chimanga chake chikufota ndi dzuwa sabata ino, sabata yamawa n'kukhala akuyenda pa bwato pamwamba pa munda womwewo. Inu a kumeneko, ulosi wa nyengo woti muzimvetsera kwambiri si wa boma lanu lokha. Mukamva kuti ku Mulanje ndi ku Thyolo kwagwa mvula yamphamvu kwa masiku awiri otsatizana, dziwani kuti madziwo ali m'njira kubwera kwanu.

Msewu wa M1, umene umatsika zitunda zokhotakhota kuchokera ku Blantyre n'kufika pa Thabwa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kupitirira ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje, ndiwo mtsempha wa chigwa chonse. Namondwe wa Ana atawomba mu Januwale 2022 msewuwu udaduka pakati pa Chikwawa ndi Nchalo, ndipo malo opangira magetsi a Kapichira adaonongeka. Msewu umenewu ukaduka palibe wina wotakasuka wolambalala. Msewu wa kutsidya la kummawa, wochokera pa Thabwa kulowera ku Fatima, umadutsa timitsinje tambiri totsika m'mapiri a Thyolo, ndipo ndi umene umayamba kuvuta. Ngati muli ndi mbuzi kapena ng'ombe zoti mukagulitse, kapena mukufuna kukagula mbewu ya kudimba yoti mudzabzale madzi akaphwa, chitani zimenezo pa masiku amene mitsinje yatsika, ndipo musachoke opanda ndalama yoti mungagonere kunjira. Pa za ziweto tiwonjezepo kuti musanyamuke opanda chikalata cha alangizi a ziweto. Chigwachi chimagwidwagwidwa ndi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, ndipo boma likaletsa kuyendetsa ziweto mudzabwezedwa pa rodibuloko mutalipira kale galimoto.

Tinenepo za kuwoloka madzi, chifukwa chaka chilichonse timamva za anthu amene apita ndi mtsinje ali paulendo wa kumsika kapena kuchigayo. Madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu wamphamvu zake, nanji atasenza thumba la makilogalamu 50 kapena atabereka mwana. Ng'ombe zokoka ngolo zikakana kulowa m'madzi musazikwapule. Zaona chimene inu simukuchiona. Wakabaza kapena dalaivala akakuuzani kuti amadutsapo tsiku lililonse, tsikani muone kaye ena akuwoloka bwanji, chifukwa pamene adadutsa dzulo pakhoza kukhala dzenje lero. Ndipo bwato likadzaza, ladzaza. Mwini bwato amawerenga ndalama za mutu uliwonse ndi thumba lililonse, koma owerenga kuti m'mphepete mwa bwato mwatsala zala zingati kuti madzi alowe ndinu. M'madera a Shire muli ng'ona, ndipo madzi akasefukira zimafika malo amene sizipezekapezeka.

M'chigawo chapakati, kumtunda kwa Lilongwe, Mchinji, Dowa ndi Kasungu, madzi osefukira si ochuluka ngati kuchigwa. Chimene chimavuta ndi misewu yafumbi ya katondo, imene imaterera ngati sopo, ndi madambo amene amasunga madzi mpaka mu Epulo. Lole yolemera ikalowa m'dambo imatitimira mpaka ma ekiselo, ndipo ikatero yatsekera aliyense njira. Apa ndi pamene alimi a fodya muyenera kusamala. Misika ya fodya ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu nthawi zambiri imayamba kutsegulidwa cha mu Epulo, ndiye aliyense amafuna kuti mabelo ake akhale m'gulu loyamba. Koma belo lomwe lagona usiku pa lole yotitimira, lofundidwa ndi lona wobooka, limakafika litamwa chinyezi. Fodya wotero amachita nkhungu ndipo amabwezedwa, kapena amagulidwa pa mtengo wolira nawo. Ntchito ya miyezi isanu ndi inayi, kuyambira ku nazale, n'kuonongekera pa ulendo wa tsiku limodzi. Musanakweze mabelo muuoneretu lonayo ndi maso anu, mumutambasule, ndipo pansi pa lole payalidwe mapulanga kapena mapepala apulasitiki. Ngati msewu wa kumudzi kwanu uli ndi dambo loipa, kuli bwino kututa mabelo pang'onopang'ono pa ngolo tsiku louma kukawasunga pamalo otetezeka pafupi ndi msewu waukulu kusiyana ndi kukakamiza lole kuti ifike pachigafa.

A ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene kumachokera mbatatesi, kabichi ndi tomato wodzaza misika ya Lizulu, Tsangano ndi Bembeke, muli ndi mdani wina: nkhungu ya m'mawa. Pa M1 m'mapiri amenewo dalaivala amatha osaona mamita ochepa kutsogolo kwake, ndipo wanjinga wosenza madengu m'mbali mwa msewu m'bandakucha amaoneka galimoto itafika kale. Kansalu kowala kapena kachitsulo konyezimira kumbuyo kwa njinga si ndalama zambiri. Otsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti pa galimoto yodzaza, funsani za mabuleki mosachita manyazi.

Msewu wa m'mbali mwa nyanja, wa M5, wochokera ku Salima kudutsa Nkhotakota ndi Dwangwa kulowera ku Nkhata Bay, uli ndi vuto lofanana ndi la kuchigwa. Mitsinje ikuluikulu ya m'chigawo chapakati, monga Linthipe, Bua ndi Dwangwa, imathera kumeneko, ndiye madzi a mvula imene yagwa ku Dedza, ku Mchinji kapena ku Kasungu amakafika pa milatho ya msewu umenewu. Mu Febuluwale 2024 madzi adasefukira ku Dwangwa, anthu ambiri adasowa pokhala ndipo msewu udaduka. Mlatho umodzi ukachoka pa M5 ulendo wa ola limodzi umasanduka wa tsiku lathunthu, chifukwa njira yotsala ndi yokwera kumtunda kukazungulira ku Kasungu kapena ku Lilongwe. Mtengo wa thiransipoti nawo umakwera tsiku lomwelo. Amene mumagulitsa usipa, chinangwa kapena mpunga wotsala wa chaka chatha, funsani kaye za milatho musanalipire galimoto.

Kumpoto dzinja limakhala lidakali pachimake. Ku Karonga mitsinje ya North Rukuru, Lufilya ndi Songwe imasefukira kawirikawiri mu Malichi ndi Epulo, nthawi imene mpunga wa kilombero uli m'munda. Pa Chiweta, pamene M1 imatsika phiri kupita kunyanja, mvula ikachuluka miyala ndi dothi zimagwera mumsewu, ndipo lole imodzi ikafera pakona magalimoto amandanda mtunda wautali. Msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia, wa ku Usisya, wa ku Misuku ndi yolowera ku Hewe ndi ku Nyika ndi yoti munthu azifunsa kaye kwa amene wangodutsamo. Wochokera ku Lilongwe mu Epulo atavala malaya okha poganiza kuti mvula idatha amakanyowa ku Mzuzu. Panyanja napo, mvula ikamapita kumapeto mphepo ya mwera imayamba kuwomba, ndipo imakula m'miyezi yozizira. A nthambi ya zanyengo akachenjeza za mwera, oyenda pa mabwato ang'onoang'ono ku Nkhata Bay, Likoma, Nkhotakota ndi Mangochi amvere.

Tsono nkhani ya misewu si ya moyo wokha, ndi ya m'thumbanso. Msewu ukaipa amene amafika pakhomo panu ndi venda mmodzi yekha, wa njinga yamoto ndi sikelo yake, ndipo amadziwa kuti mulibe kwina kopita. Amakuuzani kuti mlatho wachoka, kuti kutauni mitengo yagwa, kuti akukuchitirani chifundo. Nthawi zambiri izi zimachitika boma lisanalengeze mitengo yoyambira kugulira mbewu, ndipo nyemba, soya ndi chimanga chosauma zimapita pa mtengo wozizira. Sitikunyoza amene amagulitsa chifukwa mwana wadwala kapena sukulu fizi yavuta; njala ya mu Febuluwale ndi Malichi timaidziwa tonse. Koma ngati mungathe, siyanitsani mbewu zanu pawiri. Zosachedwa kuonongeka, monga tomato, masamba ndi chimanga chachiwisi, gulitsani pa msika wapafupi ngakhale mtengo utatsikirako, chifukwa dengu la tomato logona masiku awiri pa galimoto yotitimira limasanduka madzi ndipo mumaluza tomato ndi ndalama ya thiransipoti yomwe. Zouma, monga nyemba, soya, mtedza ndi chimanga, zikhoza kudikira kuti msewu uume ndipo ogula achuluke.

Kudikirako kumafuna kuti mbewu iume bwino, ndipo m'masabata a mvula yomaliza zimenezi si zapafupi. Chimanga chokhwima chikamavumbidwa m'munda, makamaka cha mitundu imene makoko ake safika kunsonga, madzi amalowa n'kuyamba kuola. Alimi ena amapinda phesi pansi pa chisononkho kuti nsonga iloze pansi madzi asalowe, ndipo njira imeneyi imathandiza. Musayanike chimanga kapena mtedza pa dothi. Yalani mphasa, lona kapena konzani thandala, chifukwa chinyezi ndi dothi ndi zimene zimabweretsa chuku, ndipo chuku chimadwalitsa komanso chimagwetsa mtengo. Pofuna kudziwa ngati chimanga chauma moti n'kusungika, tengani botolo lagalasi louma bwino, ikanimo chimanga chodzaza dzanja ndi mchere wouma pang'ono, tsekani, khutchumulani kwa mphindi zingapo n'kulisiya kanthawi. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimanga chikadali ndi madzi. Chotero musachithire m'thumba, ngakhale m'matumba aja osalowa mpweya.

Ulosi wa nyengo umaulutsidwa tsiku lililonse ndi nthambi ya boma yoona za nyengo, ndipo machenjezo a madzi osefukira amadzeranso ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ndi makomiti ake a m'midzi. Wayilesi za m'madera, monga Nyanthepa ku Nsanje, Mzati ku Mulanje, Dzimwe ku Mangochi ndi Tuntufye ku Karonga, zimafikitsa mauthengawa pafupi. Ambiri timangomva manambala osadziwa kulemera kwake. Akati kugwa mvula ya mamilimita 50, akutanthauza malita 50 a madzi pa kamalo kotalika mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Pa ekala imodzi amenewo ndi madzi odzaza migolo pafupifupi 1,000 ya malita 200. Pa nthaka youma ya mu Novembala ambiri mwa madziwo amalowa pansi. Pa nthaka ya mu Malichi ambiri amapita kumtsinje umene mukufuna kuwoloka. Ena amati azanyengo amanama chifukwa adalosera mvula koma pamudzi pawo sipadagwe. Ulosi umanena za dera lalikulu, ndipo kwa wapaulendo mvula yogwa kumtunda kwa mtsinje ndi yofunika kuidziwa kuposa yogwa padenga pake.

Foni imene muli nayo ndi chida cha ulendo. Safunsa adadya phula. Khalani ndi nambala ya wakabaza wa pa siteji ya kumene mukupita, ya mnzanu wogulitsa pa msika umenewo, ndi ya munthu wokhala pafupi ndi mlatho umene umavutavuta. Kuimba kwa mphindi imodzi n'kotchipa kuposa kubwerera panjira ndi katundu. Nyamukani m'mawa, popeza mvula ya mabingu imakonda kugwa masana ndi madzulo, ndipo ikakupezani panjira musabisale pansi pa mtengo wautali woima pawokha. Tenganinso madzi akumwa a kunyumba. Kolera amene adavuta dziko lino kuyambira mu Malichi 2022 mpaka 2023 adayamba anamondwe atangodutsa, ndipo m'misika ndi m'madepoti mmene zimbudzi zasefukira ndi mmene matendawa amafalikira msanga.

Sitinganene zonsezi kwa alimi okha ngati kuti misewu adaiononga ndi iwo. Oyendetsa galimoto amalipira pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke, pa mtengo wa mafuta pali gawo la misewu, ndipo madera a aphungu amalandira ndalama za chitukuko za CDF. Mlimi ali ndi ufulu wofunsa khansala ndi phungu wake kuti kamlatho kolumikiza mudzi ndi msika kali pati pa ndondomeko ya khonsolo. Chizolowezi chopala misewu yafumbi mochedwa, zokolola zitagulidwa kale motchipa, chimapindulira mavenda osati olima. Makhonsolo akadayamba ndi malo ochepa odziwika bwino, dambo lija ndi kamtsinje kaja kamene kamatsekereza dera lonse chaka ndi chaka, phindu lake likadaoneka msanga kuposa kupala makilomita ambiri amene adzakokolokenso mu Disembala.

Komabe pali zina zimene sizilira thalakitala. Misewu yambiri ya kumidzi imaonongeka chifukwa madzi asowa kolowera: ngalande zadzaza mchenga, mapaipi a pansi pa msewu atsekeka ndi mapesi, ndipo ena talima mizere mpaka m'mphepete mwenimweni mwa msewu n'kulozetsa madzi a m'munda mumsewumo. Makalabu a alimi, mogwirizana ndi mafumu, akhoza kupatula m'mawa umodzi sabata ino kutsegula ngalande ndi kuthira miyala pa malo oterera, lole za fodya ndi za soya zisanayambe kubwera. Ndipo pomwe mwakumanapo kambiranani zobwereka galimoto imodzi pamodzi. Dalaivala amene amakana kulowa msewu woipa chifukwa cha matumba 5 a munthu mmodzi amavomera akamva kuti pasukulu yapafupi ndi msewu waukulu pali matumba 80 omudikira.